Lipoti la Munda wa Aroma wa ku Fishbourne: Mmene Dothi Losiyana Mtundu Linaululira Munda Wonse

M'chaka cha 1960, anthu amene ankakumba ngalande yoti ayikemo paipi yaikulu ya madzi m'mudzi wa Fishbourne, pamtunda wa makilomita pafupifupi awiri kumadzulo kwa mzinda wa Chichester m'chigawo cha West Sussex ku England, anagunda maziko a miyala, mapale a matailosi ndiponso timiyala tating'onoting'ono timene Aroma ankayala pansi pokongoletsa zipinda. Nkhaniyo itafika kwa anthu a m'deralo okonda zinthu zakale, anakonza zoti malowo afufuzidwe, ndipo kufukula kwenikweni kunayamba mu 1961 n'kupitirira chaka ndi chaka mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, makamaka m'miyezi yotentha pamene ophunzira ndi anthu ongodzipereka ankapezeka ambiri.

Chimene chinatuluka pamalopo ndi nyumba ya Aroma yaikulu kuposa nyumba ina iliyonse yokhalamo anthu ya nthawi imeneyo imene yapezeka ku Britain, koma lipotili silikutsata nyumbayo. Likutsata bwalo la pakati pake, malo amene poyamba ankaoneka ngati mulibe kanthu. Ine sindinagwire nawo ntchitoyi, ndipo ndikulemba monga wofukula zakale amene wawerenga mosamala zimene gulu la ofukulawo linasiya, n'cholinga choti anzanga a ntchito imeneyi aone pamene zinthu zinatembenukira. Mayina a amene anagwira ntchitoyo ndawasiya dala, chifukwa chofunika pano ndi zimene anasankha kuchita ndi zifukwa zake.

Mbiri ya malowo mwachidule

Aroma atalowa ku Britain mu 43 AD, pamalo amenewa, omwe ali kumathero a kamtsinje kolowera kunyanja, panamangidwa nyumba zamatabwa zimene zikuoneka kuti zinali nkhokwe za asilikali. M'zaka za m'ma 60 AD panabwera nyumba yamiyala yokhala ndi mabafa, kenaka chapafupi ndi 75 AD panamangidwa chinyumba chachikulu cha zigawo zinayi, chakumpoto, chakummwera, chakum'mawa ndi chakumadzulo, chotalika pafupifupi mamita 150 mbali iliyonse. Akatswiri ambiri amaganiza kuti mwini wake anali Togidubnus, mfumu ya m'deralo imene inkagwirizana ndi Aroma, ngakhale kuti ena amatchula akuluakulu ena a boma la Roma. Nyumbayo inasinthidwa kangapo m'zaka mazana awiri zotsatira, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 200 AD inapsa ndi moto n'kusiyidwa. Anthu anagumula miyala yabwino kukamangira kwina, ndipo patapita nthawi malowo anasanduka munda wolima, moti mpaka lero pa zina mwa zokongoletsa za pansi pamaoneka zipsera za pulawo.

Mfundo ya pulawoyi ndi yofunika kuikumbukira. Malo amene alimidwa kwa zaka mazanamazana amakhala atasakanizidwa dothi lonse la pamwamba, ndipo munda wamaluwa umakhala m'dothi la pamwamba lomwelo. Wina aliyense akanafunsidwa mu 1961 ngati munda wa zaka pafupifupi 1,900 ungapezeke pamalo otere, akanayankha kuti n'zosatheka, ndipo akanakhala ndi zifukwa zomveka.

Chizindikiro choyamba

M'zaka zoyambirira ntchito inatsata makoma, monga mmene zimakhalira kawirikawiri. Khoma limauza wofukula kumene apite, chifukwa ukapeza ngodya imodzi umadziwa kofunafuna inzake, komanso zipinda ndi zimene zimatulutsa zinthu zooneka ndi maso zimene opereka ndalama ndi alendo amafuna kuona. Mapu a nyumbayo atayamba kuoneka, zinadziwika kuti zigawo zinayi zija zinazungulira bwalo la mamita pafupifupi 75 m'lifupi ndi 100 m'litali, lokhala ndi makonde a zipilala m'mbali mwake, ndipo chipinda cholowera cha kum'mawa chinayang'anizana ndi chipinda cholandiriramo alendo olemekezeka cha kumadzulo.

Ngalande zoyesera zimene zinakumbidwa kudutsa m'bwaloli zinaonetsa kanthu kakang'ono: atachotsa dothi la pamwamba n'kufika pa dongo losakanikirana ndi timiyala, panaoneka timizere tothina ta dothi lodera ndiponso lofewa, losiyana ndi dongo lolimba loyandikana nalo. Amene wagwirapo ntchito imeneyi akudziwa mmene chizindikiro chotere chimaonekera. Umagwada, umapala pansi ndi kachitsulo kopalira mokokera kwa iwe, ndipo kachitsuloko kamalira kakadutsa pa timiyala, kenaka kamangoti zii kakalowa pa dothi lofewa la m'lifupi mwa chikhatho ndi theka kapena ziwiri, n'kuyambanso kulira. Pansi pakakhala ponyowa, mzerewo umaoneka bwino ngati walembedwa ndi makala, koma dzuwa likawomba kwa maola ochepa, mitundu yonse imafanana ndipo amene sanauone m'mawa angakutsutse kuti palibe kanthu.

Mu ngalande yothina, mzere wotere ungakhale chilichonse. Ungakhale njira ya madzi, malo amene munadutsa mtanda wa nyumba yamatabwa, muzu wa mtengo wa posachedwapa, kapena chipsera cha alimi. Pano ndi pamene panali posankha poyamba, ndipo ndikuona kuti ndi pamene nkhani yonse inatembenukira. Gululo likanatha kulemba timizereto m'buku, kukwirira ngalande zija n'kubwerera ku zipinda. M'malo mwake linavundukula malo aakulu a theka lakumpoto la bwalolo, n'kuwapala onse mpaka pa dongo. Chifukwa chake n'chakuti mzere umodzi sunena kanthu pawokha, koma tanthauzo lake limatuluka m'mene wakhotera ndi mmene wakhalira ndi mizere inzake, ndipo zimenezi sizingaoneke pa kazenera ka mita imodzi. Kuvundukula malo aakulu kumadya nthawi ndi mphamvu za anthu ambiri popanda chitsimikizo choti mutuluka chinthu chogwirika, choncho kunali kulimba mtima kosachepa.

Zimene zinapezeka

Malowo atapalidwa, timizere tija tinalumikizana n'kukhala chojambula. Pakati pa bwalo panadutsa njira yotakata mamita pafupifupi 12, yochokera ku chipinda cholowera mpaka pa masitepe a chipinda cha alendo, ndipo m'mphepete mwake ngalande zobzalamo zinkayenda molunjika, kenaka n'kulowa mkati mozungulira ngati theka la lichero, n'kubwerera pa mzere, kenaka n'kulowanso mkati mwa ngodya zinayi, mosinthanasinthana choncho mpaka kumapeto. Muzu wa mtengo kapena pulawo sizingajambule chinthu chotere. Njira zina zocheperako zinazungulira m'mbali mwa bwalo kutsogolo kwa makonde, nazonso zili ndi ngalande zobzalamo, m'malo ena zingapo zoyendera limodzi.

Dothi la m'ngalandemo ndi limene linafotokoza chifukwa chake zinalipo. Pofuna kupeza malo osalala omangapo chinyumba chotere, omanga anadula mtunda ndi kudzaza motsika, ndipo potero anasiya pakati pa bwalo dongo lolemera, la asidi, losayenera zomera zofuna chisamaliro. Osamalira munda anakumba ngalande m'dongomo n'kuthiramo dothi lachonde losakaniza ndi dothi la choko kuti lichepetse asidi. Mlimi aliyense wa kwathu kuno amene anakumbapo dzenje la nthochi kapena la mtengo wa zipatso pa katondo wouma n'kuthiramo manyowa akudziwa kuti patapita zaka, dzenjelo limadziwikabe mtundu ukalikumbanso. Zimene zinachitika ku Fishbourne ndi zomwezo. Dothi likanakhala labwino kuyambira pachiyambi, akanangobzala pamwamba, pulawo ikanafufuta zonse, ndipo sitikanadziwa chilichonse. Kuipa kwa dothi ndi kumene kunakakamiza anthu aja kukumba mozama kupitirira pamene pulawo inadzafika pambuyo pake, ndipo mapu a mundawo anasungika m'dongo.

Chakum'mawa kwa munda kunapezeka mzere wa maenje a mitengo yozika pamodzi ndi maenje obzalamo, zimene zikusonyeza kuti panali thandala loyangapo mitengo ya zipatso kapena maluwa oyanga. Mkati mwa gawo lakumpoto, lomwe linali lotakata, munapezeka dzenje limodzi lokha lobzalamo, loyenera mtengo kapena chitsamba chachikulu choima pachokha. Patsogolo pa chipinda cha alendo, pothera njira yapakati, panali maziko amene akuoneka kuti anali oimikapo chosema.

Madzi anali ndi njira zake. Kutsogolo kwa makonde kunali ngalande zamiyala zolandira madzi a padenga, ndipo pansi, motsata njira za m'mbali, munadutsa mapaipi adothi otentha olumikizanalumikizana, ochokera pa maziko a thanki imene inali pa ngodya ya kumpoto chakumadzulo. Thanki yokwezeka ndi mapaipi otsekeka zimatanthauza madzi oyenda ndi mphamvu, ndipo zidutswa za mabeseni a mwala wa mabo zimene zinapezeka pamalopo zikugwirizana ndi maganizo akuti m'mundamo munali akasupe ochita kupanga. Panapezekanso mapale a miphika yobowola m'mbali ndi pansi, mtundu umene Aroma ankamezeramo ndi kunyamuliramo mbande, womwe umadziwikanso m'minda ya ku Italy.

Chinthu china chimene chimandigwira mtima ndi khoma lochirikiza chigawo chakumadzulo. Chigawochi chinamangidwa pamalo okwera pafupifupi mita imodzi ndi theka kuposa munda, kuti mlendo wobwera m'njira yapakati aziyang'ana m'mwamba akamayandikira mwini nyumba, ndipo khoma lochirikiza malo okwerawo linapakidwa pulasitala n'kujambulidwa masamba obiriwira. Munthu woima kutali ankaona mpanda wa zitsamba zenizeni, ndipo kuseri kwake zitsamba zojambula zikupitiriza munda pakhoma. Izi zikusonyeza kuti womanga nyumba, wojambula ndi wosamalira munda ankagwirira ntchito pa mapu amodzi.

Kunja kwa bwalo lalikululi, pa ngodya ya kumpoto chakumadzulo pafupi ndi malo ophikira, kunali dothi lakuda lodzaza ndi zinyalala za kukhitchini, lomwe linamasuliridwa kuti linali dimba la ndiwo zamasamba. Kummwera kwa nyumba kunali malo ena odzazidwa ndi dothi, otsetsereka kulowera kumadzi, okhala ndi kamtsinje ndi dziwe, munda wooneka ngati wachilengedwe kusiyana ndi wa mizere uja.

Funso lovuta: munabzalidwa chiyani?

Pano ndi pamene ntchitoyi inafika pa malire ake, ndipo ndikufuna kuchedwapo. Ku Pompeii, mzinda wakale wa ku Italy, ndi m'midzi yoyandikana nayo, phiri la Vesuvius litaphulika mu 79 AD, minda inakwiririka tsiku limodzi. Mizu itaola pansi, timiyala ta m'phirimo tinatsetserekera m'mabowo ake, ndipo ofukula amatha kuchotsa timiyalato, kuthira simenti m'bowomo n'kutulutsa chithunzi chenicheni cha muzu, chimene katswiri wa zomera angachiyerekeze ndi mizu ya mitengo ya lero. Ku Fishbourne kunalibe mwayi wotere. Mundawo sunafe tsiku limodzi koma unazilala pang'onopang'ono, ndipo dothi lake silinasunge mizu kapena mungu wokwanira kutchula zomera zake. Ofukula anali ndi maonekedwe a ngalande, kukula kwake ndi mtundu wa dothi lothiramo basi.

Komabe panafunika kusankha, chifukwa malowo sanangokwiriridwa. Munthu wina wokonda zakale, yemwe anali ndi chuma, anagula malo amene akanamangidwapo nyumba zogona n'kuwapereka ku bungwe la ofukula zakale la ku Sussex, ndipo pamwamba pa chigawo chakumpoto panamangidwa denga loteteza zokongoletsa za pansi. Malowo anatsegulidwa kwa anthu mu 1968, ndipo anaganiza zobzalanso theka lakumpoto la munda motsata mizere imene inapezeka.

Anasankha chitsamba chotchedwa box, chimene dzina lake la sayansi ndi Buxus sempervirens, cha masamba aang'ono osayoyoka chaka chonse, chomwe chimalola kudulidwa m'maonekedwe alionse. Zifukwa zinali zitatu zolukanalukana. Ngalande zothina zokhotakhota mwadongosolo zimafuna chomera chomangika ngati mpanda chimene chingasunge ngodya ikadulidwa. Box amakonda dothi la choko, ndipo dothi lothira m'ngalandemo linali lotero. Komanso Pliny Wamng'ono, wolemba wa Chiroma amene anakhala moyo m'nthawi yomweyo, anafotokoza m'makalata ake minda ya nyumba zake za ku Italy yokhala ndi mipanda ya box yodulidwa m'maonekedwe osiyanasiyana, mpaka zilembo zolemba dzina la mwini munda. Pamwamba pa izi, masamba a box apezeka pamalo ena a nthawi ya Aroma ku Britain komweko, kusonyeza kuti chomerachi chinkapezeka ndi kugwiritsidwa ntchito.

Ndikuona kuti anasankha bwino, ndipo ndikanakhala pamalo awo ndikanachita chimodzimodzi. Koma tiyenera kunena poyera kuti mzere wa mpanda ndi chinthu chopezeka, pamene dzina la chitsambacho ndi chinthu choganiziridwa. Mlendo amene amaima pa khonde lero n'kuona mpanda wobiriwira wokhotakhota sasiyanitsa ziwirizi, chifukwa chomera chamoyo chimakhutiritsa maso kuposa mawu alionse olembedwa pa chikwangwani.

Vuto lalikulu kuposa limeneli ndi kapinga. Malo otakata a pakati pa mipanda anabzalidwa udzu chifukwa m'dongo la pamenepo simunaoneke kanthu kupatula dzenje limodzi lija. Koma tanena kale kuti chinasungika ndi chokhacho chimene chinakumbidwa mozama. Maluwa a mizu yosazama, mabedi okwezeka, kapena miphika yoika pamwamba pa nthaka sizikanasiya chizindikiro chilichonse m'dongo, ndipo pulawo inasakaniza dothi limene zikanakhalamo. Choncho kapinga wa lero sakunena kuti Aroma anabzala udzu wokha pamenepo, koma akusonyeza pamene umboni unathera. Kubzala udzu kunali kusamala koyenera, popeza kudzaza malowo ndi maluwa ongopeka kukanakhala kulakwa kokulirapo, koma ife olemba malipoti tiyenera kukumbukira kuti ngakhale kusiya malo opanda kanthu kumauza woona nkhani inayake. Pojambula mapu a malo alionse, ndibwino kusiyanitsa pamene tinafufuza n'kutsimikiza kuti panalibe kanthu ndi pamene umboni sukanatha kukhalapo.

Zimene zinadza pambuyo pake

Nkhani ya mundawu sinathere mu 1968, ndipo gawo lotsatirali linachokera m'makatoni a m'nyumba yosungiramo zinthu, osati m'nthaka. Gulu la m'ma 1960 linasunga mafupa a nyama ochuluka pamodzi ndi zolemba zosonyeza pamene gulu lililonse la mafupa linachokera, pa nthawi imene ofukula ambiri ankaona mafupa otere ngati zinyalala za kukhitchini zongowerenga n'kutaya.

Patapita zaka pafupifupi 40, akatswiri a mafupa a nyama anazindikira pakati pa mafupa ofukulidwa ku Fishbourne nsagwada za nyama yonga gwape yotchedwa fallow deer, yomwe si yachilengedwe ku Britain. Mano a nyama amasunga chizindikiro cha miyala ndi madzi a kumene inakulira, ndipo atayeza mchere wotchedwa strontium m'mano a nsagwada ziwiri, anapeza kuti nyama yakale kwambiri mwa ziwirizo inachokera kunja ili yaing'ono, pamene ya zaka zapambuyo pake inabadwira ndi kukulira m'deralo. Izi zikutanthauza kuti nyamazo sizinabwere ngati nyama yodya yofutsa, koma zinabwera zamoyo n'kuyamba kuswana pompo. Mwadzidzidzi malo akummwera aja, a kamtsinje ndi dziwe, anayamba kuwerengeka mwa njira ina, monga malo osungiramo nyama zachilendo zoonetsa ulemerero wa mwini nyumba, chizolowezi chodziwika pakati pa olemera a ku Roma.

Kenaka mu 2017 katswiri wina, akuunikanso makatoni a mafupa a m'ma 1960 aja, anatola kachidutswa ka fupa la mwendo kotalika masentimita anayi, kamene kanafukulidwa mu 1964, n'kuzindikira kuti ndi ka kalulu wa mtundu wokumba una, womwe kwawo kwenikweni ndi ku Spain ndi Portugal. Kalulu wotere ndi wovuta kwa wofukula, chifukwa amakumba pansi n'kufera m'dothi lakale kuposa nthawi yake, choncho kupezeka kwa fupa lake pakati pa zinthu za Aroma sikutsimikiza kanthu. N'chifukwa chake fupalo linayezedwa palokha mwa njira yodziwira zaka za fupa yotchedwa radiocarbon m'malo modalira dothi limene linapezekamo, ndipo zotsatira zimene zinalengezedwa mu 2019 zinasonyeza kuti kaluluyo anakhala moyo m'zaka za zana loyamba AD, pafupifupi zaka 1,000 asanafike a Norman, anthu ochokera kumpoto kwa France amene kale ankaganiziridwa kuti ndi amene anabweretsa akalulu otere ku England. Pa fupalo panalibe zipsera za mpeni.

Amene anatola kafupako mu 1964 n'kukaika m'thumba lolembedwa bwino sankadziwa chimene wagwira, ndipo njira zina zoyezera zimene zinadzagwiritsidwa ntchito kunalibe kapena zinkafuna fupa lalikulu kuposa kameneko. Anangotsata lamulo la ntchito loti chotuluka m'dothi chisungidwe pamodzi ndi mbiri ya pamene chachokera. Fupa lopanda chizindikiro cha malo likanangotiuza kuti kunali kalulu, koma silikanalumikizika ndi nyumba ndi minda yake. Ndimaganizira zimenezi nthawi zonse pamene malo osungira achepa ndipo wina akufunsa ngati makatoni a mafupa ndi matumba a dothi angatayidwe kuti papezeke poika zinthu zooneka bwino.

Lero amene afika ku Fishbourne amaona theka lokha la munda. Njira yapakati, imene inkagawa bwalo pawiri, tsopano ili chakumalire a malo otsegulidwa kwa anthu, ndipo mbali yakummwera ya mundawo pamodzi ndi chigawo chakummwera cha nyumba zili pansi pa nyumba za anthu, minda yawo ya kuseri ndi msewu wa A259. Mapu onse amene amasindikizidwa osonyeza munda wathunthu amajambula theka lakummwera moyerekeza ndi lakumpoto, podalira kuti omanga a Chiroma ankakonda kufananiza mbali ziwiri, ndipo mbali yaikulu ya dongo la kumeneko sinapalidwebe ngati mmene linapalidwira lakumpoto.